Teotihuacan: Mzinda Umene Udapsa Mtumiki Asanabadwe

Makilomita pafupifupi 50 kumpoto chakum'mawa kwa Mexico City kuli mabwinja a Teotihuacan. Dzinali silidachokere kwa eni mzinda. Anthu a mtundu wa Aztec adaupeza uli bwinja kale, ndipo poona kukula kwake adati kumeneku ndi kumene milungu idabadwira. Ndiwonso adautcha msewu waukulu wapakati kuti Msewu wa Akufa, poganiza kuti zomangidwa za m'mbali mwake ndi manda.

Cha m'ma 450 munkakhala anthu oposa 100,000, ambiri m'nyumba zamiyala zokhalamo mabanja angapo. Piramidi ya Dzuwa, yotalika mamita pafupifupi 65, idamangidwa popanda chitsulo kapena nyama yonyamula katundu. Dothi ndi miyala zidasenzedwa ndi anthu. Luso limeneli sitingalinyoze. Koma pansi pa Kachisi wa Njoka ya Nthenga ofukula adapeza mafupa a anthu oposa 100 operekedwa nsembe, ambiri atamangidwa manja kumbuyo. Cha m'ma 550 akachisi a pakati pa mzinda adatenthedwa dala, mafano n'kuphwanyidwa. Padali patatsala zaka pafupifupi 20 kuti Mtumiki (SAW) abadwe ku Makka.

Apa m'pamene mbiri ikumana ndi Fiqh ndi Aqida. Kodi tiwaweruze bwanji anthu amene uthenga wa mneneri sudawafike? Maulama amawatcha Ahlul Fatra. Otsatira Imam Ash'ari, potsamira Surat Al-Isra ndime 15, amati palibe chilango mtumiki asanatumizidwe. Otsatira Imam Maturidi amati nzeru payokha imamkakamiza munthu kuzindikira kuti kuli Mlengi. Ife tikuona kuti kupembedza mafano ndi kupha anthu pansembe tizitchule dzina lake, Shirk ndi kupondereza, koma za kumene munthu aliyense wa mumzindawu akalowere pa tsiku la Qiyama si zathu kugamula.

Nanga kukaona mabwinjawa? Ena amakumbutsa za ulendo wa ku Tabuk, pamene Mtumiki (SAW) adaletsa Maswahaba kulowa m'nyumba za Thamud ku Al-Hijr pokhapokha akulira. Komatu za Al-Hijr tili ndi umboni wa Qur'an kuti adalangidwa. Za Teotihuacan tilibe. Choncho kupitako kukaphunzira n'kololedwa. Chosaloledwa ndi kulowa nawo mwambo wa makamu amene amasonkhana kumeneko pa 21 Malichi, atavala zoyera, atakweza manja kudzuwa kuti alandire mphamvu.