Mbiri ya Imfa ya Dzimbiri

Khasu likasiyidwa pamvula limagwira dzimbiri, ndipo mafuta akakhalitsa m'nsupa amabvunda. Zinthu ziwirizi, zimene mayi aliyense azidziwa bwino, ndizo maziko a njira yatsopano imene akatswiri alikuyesa polimbana ndi nthenda ya kansa.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'onong'ono tochedwa maselo, ndipo selo liri lonse lakutidwa ndi khungu lopyapyala la mafuta. Citsulo nconso cirimo m'thupi, makamaka m'mwazi. Cikakomana ndi mpweya m'kati mwa selo cingathe kubvunditsa mafuta aja, khungu nkung'ambika, selo nkufa.

M'caka ca 1955 Harry Eagle wa ku Amereka anaona kuti maselo oweta m'mbale amafa akasowa cakudya cochedwa cystine. M'caka ca 1982 Fulvio Ursini ndi anzace ku Padova, m'dziko la Italy, anapeza mlonda wa m'selo amene acotsa mafuta obvunda. Dzina lace lero ndi GPX4. Koma nzeru ziwirizi zinakhala padera zaka zambiri, pakuti maso a ophunzira anali pa imfa yina ya maselo, apoptosis, imene inachedwa dzinalo ku Aberdeen m'caka ca 1972.

Amene analumikiza nkhaniyi ndi Brent Stockwell. M'caka ca 2003 gulu lace, litayesa mankhwala zikwi zambiri, linapeza amodzi, erastin, amene anapha maselo a kansa okhala ndi cilema ca RAS koposa maselo abwino. Cozizwitsa cinali cakuti maselowo sanafe monga mwa apoptosis, ndipo pamene citsulo cinamangidwa ndi mankhwala ena, imfayo inaleka. Pambuyo pace kunadziwika kuti erastin atseka khomo lolowera cystine, ndipo popanda cystine mlonda uja asowa cida cogwirira nchito. M'caka ca 2012, ku Columbia University mu New York, Scott Dixon ndi Stockwell anaicha imfayi ferroptosis, kucokera ku mau a Cilatini onena citsulo ndi a Cigriki onena kugwa.

Ciyembekezo cinakula m'caka ca 2017. Bvuto lalikuru la kansa ndi lakuti maselo owerengeka amapulumuka mankhwala, nakhala cete, kenaka nthenda nkubweranso. Magulu awiri anaonetsa kuti maselo ouma mutu otere amadalira kwambiri GPX4. Mlondayo akacotsedwa, amafa.

Komabe mlonda yemweyo ndiye asunga ziwalo zabwino. Marcus Conrad ndi anzace ku Munich anaonetsa m'caka ca 2014 kuti mbewa zocotsedwa GPX4 zinaonongeka impso ndi kufa. M'caka ca 2019 kunapezekanso mlonda waciwiri, FSP1, amene maselo ena a kansa amabisalako woyamba akagonja. Cifukwa cace nchito yambiri ikali m'mbale ndi pa mbewa, ndipo akatswiri akali kufunafuna njira yofikitsira dzimbiri pa cotupa cokha, impso nkutsala zamoyo.