Gumbagumba: Singano Itakumana ndi Batire

Thomas Edison anapanga makina osunga mawu mu 1877, ndipo mu 1887 Emile Berliner anatulukira galamafoni ya mbale. Yoyamba kufika kuno inali yopukusa ndi dzanja. Mbale zake zinkazungulira ka 78 pa mphindi, zinkasweka ngati phale, ndipo woyimba ankamveka ngati watsina mphuno.

Columbia inatulutsa mbale zazikulu za pulasitiki mu 1948, RCA Victor n'kubwera ndi timbale ta 45 mu 1949. Koma ku Thyolo, kumene mawaya a magetsi ankathera kufakitale ya tiyi ndi kunyumba za mabwana, zimenezo zinali nkhani zakutali. Chinatitsegulira khomo ndi thiranzisita, chifukwa inalola makinawa kuyendera mabatire a tochi. Singano inkatsata kanjira kozokotedwa pambale n'kumanjenjemera. Kamwala ka m'mutu mwa mkono wonyamula singanoyo kankasandutsa kunjenjemerako kukhala timagetsi tochepa, thiranzisita n'kutikulitsa, sipika n'kubangula. Anyamata ankavundikira sipikayo pakamwa pa mtsuko kuti besi igunde m'chifuwa. Ndiye gumbagumba imeneyo.

Nyimbo isanayambe munkamva kaye kuthetheka, ngati chimanga pachiwaya. Mbale ikamalumpha, ankasanjika tambala pamkonopo. Mabatire akafooka, woyimba ankakoka mawu ngati chidakwa, ndipo m'mawa mwake mabatirewo ankayanikidwa padzuwa. Mbale yokha ayi: dzuwa linkaipinda ngati tsamba lofota.

Ulemu upite kwa yani? Mabuku amatama Edison. Ine ndimaupereka kwa amuna opita kumigodi kudzera ku Wenela ndi matchona a ku Rhodesia, amene ankatsika basi atasenza makinawa pamodzi ndi simanjemanje ya ku Joni. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, boma lathu linaimitsa maulendowo, koma mbewu inali itamera kale: Nzeru Record Company inkatulutsa mbale za oyimba athu, ndipo kanindo ya ku Kenya inadzagwedeza mabala.

Kwa Chimaliro, othyola tiyi akalandira malipiro, mwini gumbagumba ankasanduka mfumu ya usiku umenewo. Ankapukuta mbale ndi mpango, ndipo mwana wokhudza singano ankalawa khofi. Kaseti inadzamulanda ufumuwo m'zaka za m'ma 1980. Lero mdzukulu wake amamvera nyimbo pafoni pamsika wa Goliati, n'kumati woyimba wakuti watulutsa chimbale, chonsecho mbaleyo sanaigwirepo.