Msonkho wa mpweya wa kaboni m'mayiko omwe akutukuka kumene

Kuyika mtengo pa mpweya wa kaboni ndi ndondomeko yomwe boma limalipiritsa makampani molingana ndi matani a mpweya wotenthetsa dziko omwe atulutsa powotcha malasha, mafuta kapena gasi. Mfundo yake ndi yakuti wowononga chilengedwe ndiye alipire, kuti aone phindu lochepetsa utsi.

Njira zake zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi msonkho, pomwe boma limakhazikitsa mtengo wa tani iliyonse. Mexico inayamba msonkhowu m'chaka cha 2014, ndipo Chile ndi Colombia anatsatira mu 2017. Yachiwiri ndi msika wa zilolezo: kampani imapatsidwa mlingo wa mpweya womwe ingatulutse, ndipo ikapyola imagula zilolezo kwa inzake yomwe yasunga zake. China inatsegula msika wotere wa dziko lonse mu July 2021, kuyambira ndi makampani opanga magetsi oposa 2,000.

Lipoti la Banki Yaikulu Padziko Lonse la 2024 linati ndondomeko zoterezi zinalipo 75, zinkakhudza pafupifupi 24 peresenti ya mpweya woipa wa dziko lonse, ndipo zinabweretsera maboma ndalama zokwana 104 biliyoni za ku America m'chaka cha 2023.

Mu Africa muno, chitsanzo chodziwika ndi South Africa, dziko lomwe magetsi ake ambiri amachokera ku malasha. Boma linatulutsa chikalata chofunsira maganizo pa nkhaniyi mu 2010, koma lamulo linayamba kugwira ntchito pa 1 June 2019, Pulezidenti Cyril Ramaphosa atalisayinira. Mtengo woyambira unali R120 pa tani, ndipo unakwera kufika pa R190 mu 2024 ndi R236 mu 2025. Amene amatolera ndi bungwe la misonkho la SARS.

Komabe mtengo wolembedwa m'lamulo si umene makampani ankalipira. Poopa kuti mafakitale angatseke ndipo anthu angachotsedwe ntchito, boma linakhululukira pakati pa 60 ndi 95 peresenti ya mpweya wa kampani iliyonse. Choncho mu 2019 mtengo weniweni unali pakati pa R6 ndi R48 pa tani. Lamulo linakonzedwanso mwakuti m'gawo loyamba msonkhowu usakweze mtengo wa magetsi. Izi zinali kutali ndi zomwe komiti ya akatswiri a zachuma yotsogozedwa ndi Joseph Stiglitz ndi Nicholas Stern inalangiza mu 2017, kuti tani izigula madola 40 mpaka 80 pofika 2020 ngati zolinga za pangano la ku Paris la 2015 zikwaniritsidwe.

Apa ndi pomwe pagona vuto la mayiko osauka. Msonkho ukakwera, mafuta, simenti ndi magetsi zimadula, ndipo wovutika ndi munthu wamba. Ukatsika kwambiri, makampani amangolipira osasintha kapangidwe ka katundu wawo.

Nkhaniyi tsopano yalowa m'malonda. Bungwe la European Union linakhazikitsa ndondomeko ya CBAM, yolipiritsa kaboni pa katundu wolowa m'mayiko ake monga zitsulo, aluminiyamu, simenti, feteleza ndi magetsi. Kuyambira October 2023 ogula katunduyu ankangopereka malipoti, ndipo gawo lolipira linaikidwa kuyamba mu January 2026. Malamulo a CBAM amalola kuchotsera ndalama za kaboni zomwe zalipiridwa kale kudziko komwe katundu wapangidwa, koma amawerengera zomwe kampani yalipiradi, osati mtengo wa m'lamulo.

Tanthauzo lake kwa okonza bajeti ndi lakuti dziko logulitsa katunduyu ku Ulaya likapanda kutolera lokha msonkho wa kaboni, ndalamazo zidzatoleredwabe pachipata cha ku Ulaya n'kukalowa m'thumba la mayiko ena.