Khansa ya khomo la chiberekero m'boma la Mangochi

Khansa ya khomo la chiberekero ndi matenda amene amayambira pamalo pomwe chiberekero chimalumikizana ndi njira ya abambo. Ndiyo khansa imene imagwira ndi kupha amayi ambiri m'Malawi kuposa ina iliyonse. Chiwerengero cha 2020 cha nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO chinasonyeza kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse m'dziko muno ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. M'madera akumudzi a boma la Mangochi, monga Namwera, kupulumuka kwa mayi kumadalira kwambiri nthawi imene matendawa apezeka.

Chiyambi cha matendawa

Khansayi imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana. Anthu ambiri amakatenga, ndipo nthawi zambiri thupi limakagonjetsa lokha. Kakakhalitsa, kamasintha pang'onopang'ono khungu la pakhomo la chiberekero. Mitundu iwiri ya kachilomboka, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 mwa makhansa 100 alionse a mtunduwu.

Kwa mayi wa chitetezo chabwino m'thupi, pamadutsa zaka 15 mpaka 20 kuti kusinthako kusanduke khansa. Chitetezo chikatsika, zaka 5 mpaka 10 zimakwanira. Amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe.

Zizindikiro

Pa zaka zoyambirirazi mayi samva kupweteka kulikonse. Zizindikiro zimabwera matenda atakula: kutaya magazi pogonana kapena pakati pa msambo, kutaya magazi mayi atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha, ndi kupweteka kwa m'chiuno kapena msana. Ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi, kusowa ndalama yoyendera, kapena kuganiza kuti alodzedwa.

Kuyezetsa

Ndondomeko ya boma yoyeza khansayi inayamba mu 2004, ndipo imalimbikitsa makamaka amayi a zaka 25 mpaka 49. Njira yofala ndi ya VIA: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, nadikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amaoneka oyera. Malowo akakhala aang'ono amawotchedwa ndi kachipangizo kotentha, kapena kuumitsidwa ndi mpweya wozizira kwambiri, ndipo nthawi zambiri izi zimatheka tsiku lomwelo. Njira yowotchayi inayamba kudziwika m'Malawi kudzera pa chipatala cha Nkhoma. Mayi amalangizidwa kupewa kugonana kwa milungu ingapo kuti pachilonda papole, ndi kubweranso pakatha chaka. M'zipatala za boma kuyezetsa n'kwaulere.

Ulendo wochokera ku Namwera

Namwera ili m'mapiri kummawa kwa tauni ya Mangochi, m'dera la Mfumu Jalasi, pamsewu wopita ku Chiponde kumalire ndi dziko la Mozambique. Anthu ambiri kumeneko ndi Ayao ndipo amadalira ulimi ndi malonda ang'onoang'ono.

Mayi wa kuderali amene wapezeka matenda asanasanduke khansa angathandizidwe m'boma lomwelo. Amene akuganiziridwa kuti khansa yayamba kale amatsika phiri, nawoloka mtsinje wa Shire kupita ku chipatala chachikulu cha Mangochi. Kachidutswa ka mnofu kamatengedwa n'kukapimidwa, ndipo wodwala amatumizidwa ku zipatala zazikulu za Zomba kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngakhale thandizo likhale laulere, banja limafunafuna ndalama ya minibasi ndi chakudya, komanso gadiyani wokhala ndi wodwalayo milungu yambiri, munda ndi ana zitatsala kumudzi.

Thandizo la khansa yokhazikika

Khansa ikapezeka isanafalikire, madokotala amachotsa chiberekero pa opaleshoni ndipo ambiri amachira. Ikafalikira pamafunika mankhwala a kemo ndi kuwotcha ndi cheza. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba ntchito yolimbana ndi khansayi ku Blantyre mu 2018. Kwa zaka zambiri m'Malawi munalibe makina a cheza, choncho odwala ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja. Makina oterewa anayamba kugwira ntchito mu 2024 pa International Blantyre Cancer Centre, chipatala chomwe si cha boma, ndipo chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chinatsegulidwa mu 2025.

Kukhala ndi matendawa

Amayi ambiri odwala khansayi amadzipatula chifukwa cha fungo ndi kutaya magazi, ndipo ena maukwati awo amasokonekera. Chisamaliro chochepetsa ululu, kuphatikizapo mofini wakumwa, chimaperekedwa m'zipatala za maboma, pa Tiyanjane ku Queen Elizabeth ndi pa Ndi Moyo ku Salima. Chisamalirochi chimaphunzitsanso achibale kasamalidwe ka wodwala pakhomo. Kwa amene ali ndi HIV, kumwa ma ARV mwandondomeko kumakhalabe mbali ya thandizo.

Katemera

Katemera wa HPV anayesedwa koyamba m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Katemerayu amagwira bwino ntchito mtsikana asanayambe kugonana, ndipo sachititsa kusabereka. Mu 2020 WHO inaika zolinga zoti pofika 2030 atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera, amayi 70 mwa 100 atayezetsa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto atalandira thandizo.