Dzina la Malonda Anu ndi Nyimbo za Eni Ake: Zofunika Kudziwa pa Maramba Market

Abale ndi alongo athu ambili m'mipingo ya mu Livingstone amadyela pa Maramba Market. Ena amagulitsa ndiwo, kapenta ndi salaula, koma pali ena amene amapanga okha katundu wawo: ciponde ca m'mabotolo, uci, sopo, zovala zosoka ndi citenge. Munthu akangomata lebo pa botolo, amakhala ndi dzina limene makasitomala amalifunafuna, ndipo dzinalo likhoza kubedwa. Pali malamulo awili amene amakhudza nkhaniyi: la cizindikilo ca malonda, cimene mapepala a boma amacha trademark, ndi la copyright, limene limateteza nyimbo, mabuku, zithunzi ndi mafilimu.

Tiyambe ndi mapepala, cifukwa m'pamene ambili amasocela. Lisiti la khonsolo limakulolani kugulitsa pa stendi yanu, basi. Setifiketi ya dzina la bizinesi yocokela ku PACRA imaonetsa amene akucita malonda ndi dzinalo, ndipo imathandiza potsegula akaunti ku banki. Koma mapepala awiliwa si amene amateteza dzina limene lili pa botolo lanu. Limenelo limatetezedwa ndi setifiketi ya trademark, imene imacokelanso ku PACRA komweko, koma pa fomu ina ndi malipilo ena. Timamva anthu akuti “ndinalembetsa kale ku PACRA,” pamene analembetsa dzina la bizinesi cabe. Wotele amadzazindikila mocedwa, mnzake atatenga kale setifiketi ya dzina limene iye analikulitsa ndi thukuta lake.

PACRA ili ndi ofesi mu Livingstone, ndipo imalandilanso mafomu pa intaneti. Coyamba pemphani kuti akufufuzileni ngati dzinalo lilibe mwini. Kenako musankhe gulu la katundu wanu. Magulu onse alipo 45: ciponde cili mu gulu 29, uci mu 30, sopo mu 3, zovala mu 25. Mukalembetsa dzina pa uci, simunalitetezeletu pa sopo. Ofesi ikaona kuti fomu ili bwino imalengeza cizindikiloco m'magazini yake, ndipo wodandaula amapatsidwa pafupifupi miyezi iwili kuti atsutse. Ngati palibe wotsutsa, setifiketi imatuluka.

Si dzina lililonse limene lingavomelezedwe. “Uci Wabwino” kapena “Maramba Honey” ndi maina ongofotokoza katundu ndi malo, ndipo aliyense wogulitsa uci pa msikawo ali ndi ufulu wonena mawu amenewo. Dzina lolimba ndi limene silifotokoza cinthuco. Taganizilani za Boom, sopo wocapila wa Trade Kings: mawuwo sanena zakuti ndi sopo, koma mwana aliyense mukam'tuma amadziwa cimene akukagula.

Lamulo lakale, Cap 401, linali kupeleka zaka 7, ndipo munthu akalipilanso, zaka 14. Lamulo latsopano, Trade Marks Act No. 11 ya 2023, limapeleka zaka 10 nthawi iliyonse, ndipo lalola kuti nchito monga kusoka, kumeta ndi kuphika nazonso zikhale ndi trademark. Yang'anani deti limene lili pa setifiketi yanu. Cizindikilo ca ® musacilembe pa lebo musanalandile setifiketiyo, cifukwa umenewo ndi mlandu.

Ife a mu Livingstone tili pa malile, conco tikumbuke kuti setifiketi ya ku Zambia imathela pa mlatho. Ku Victoria Falls, tauni ya ku Zimbabwe, kapena kutsidya kwa Kazungula ku Botswana, muyenela kulembetsanso. Zambia inalowa mu Madrid Protocol mu 2001, imene imalola kupempha citetezo m'maiko ambili ndi fomu imodzi, koma njila imeneyo ndi ya amene malonda awo akula ndithu.

Mukafuna kuti mlamu wanu ku Kazungula kapena ku Zimba azipanga ciponde ndi dzina lanu, cimeneco ndi cilolezo, kapena kuti laisensi. Lembani pa pepala katundu amene mwamulola, dela, nthawi, ndalama, ndi ubwino umene katunduyo ayenela kukhala nawo, ndipo mukacilembetse ku PACRA. Iye akayamba kuthila mafuta ambili mu ciponde, dzina limene lidzanyozedwa ndi lanu.

Wina akakubelani dzina, gulani botolo limodzi, lijambuleni, sungani lisiti, kenako m'lembeleni kalata yomuletsa. Akakana, khoti lalikulu likhoza kumuimitsa ndi kumulamula kuti akulipileni. Wosalembetsa nayenso angasume, koma ayenela kuonetsa umboni wakuti anthu amadziwa dzinalo kukhala lake ndiponso kuti asoceletsedwa, ndipo zimenezo zimadya ndalama za loya. Za katundu wa gong'a, apolisi ali ndi nthambi yakeyake yoona milandu yotele. Apa ticenjezane: kugawa unga weniweni m'timapepala ta pamela ndi nkhani ina, koma kuika mbewu kapena sopo wacabecabe m'thumba la kampani yodziwika ndi cinyengo, ndipo wolila amakhala mlimi amene mbewu yake siinamele.

Copyright ndi yosiyana. Pansi pa Copyright and Performance Rights Act ya 1994, Cap 406, ufulu umayamba nyimbo ikangojambulidwa kapena buku likangolembedwa, popanda kulembetsa kulikonse, ndipo wa wolemba umakhala moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalila. Mu 2010 lamuloli linasinthidwa kuti ma CD ndi ma DVD enieni azikhala ndi kacizindikilo konyezimila ka hologram. Masiku ano nyimbo zimayenda pa fulashi ndi memory card, koma kudzazila anthu nyimbo za eni ake mom'lipilitsa ndi mlandu womwewo. Amene amaliza nyimbo m'shopu, m'babashopu kapena m'malo odyela amafunika laisensi ya ZAMCOPS, bungwe limene limatolela ndalama za oimba. Za kukopa mabuku pa makina amayang'anila ndi a ZARRSO.

Pano nkhaniyi ikutikhudza ifenso a mipingo. Kwaya imasonkha ndalama miyezi yambili kuti ilowe mu situdiyo, ndipo nthawi zina amene amakopela anzawo nyimbozo ndi ife eni ake. Nyimbo yakale ya m'buku ingakhale kuti ilibenso mwini, koma kumasulila kwatsopano kapena kaimbidwe katsopano kali ndi mwini wake. Kwaya isanapite ku situdiyo, ilembe pa pepala amene anapeka nyimbo iliyonse, amene adzakhala mwini wa zojambulazo, ndi mmene ndalama zidzagawidwile. Wopeka, woimbitsa, mwini situdiyo ndi mlembi wa mpingo asainepo onse, ndipo aliyense asunge kope lake.