Zilonda Zoopsa za Pakhungu mwa Odwala Khansa ya M'magazi

Khansa ya m'magazi, imene madokotala amaitcha leukaemia, imayambira m'mafuta a m'mafupa, momwe magazi amapangidwa. Mankhwala amphamvu a chemotherapy amapha maselo a khansayo, koma amaononganso maselo oyera otchedwa neutrophil, amene ndi asilikali a thupi. Kawirikawiri asilikaliwa amachepa kwambiri pakati pa masiku 7 ndi 14 munthu atalandira mankhwalawo. M'masiku amenewa kachilonda kakang'ono kangathe kutenga moyo.

Chodziwika kwambiri ndi ecthyma gangrenosum, chilonda chimene nthawi zambiri chimadza kachilombo ka Pseudomonas aeruginosa kakalowa m'magazi. Chimayamba ngati kadontho kofiira, makamaka m'khwapa, m'mphechepeche kapena kumatako. Mwina pasanathe tsiku chimasanduka thuza, pakati pake nkuda bii, chifukwa kachilomboko katseka timitsempha ndipo mnofu wafa. Chonyenga n'chakuti mafinya saoneka, pakuti amene amapanga mafinya ndi maselo omwe asowa aja. Motero achibale amachiyesa chithupsa wamba.

Mnofu umafanso mankhwala ena, monga doxorubicin ndi vincristine, akatayikira kunja kwa mtsempha pobaya. Wodwala akamva kuotcha pamene pali singano, auze namwino pomwepo.

Thupi likatentha kufika madigiri 38, wodwala atengeredwe kuchipatala msanga, ngakhale pakati pa usiku, kuti akalandire mankhwala opha tizilombo kudzera mumtsempha. Kutema mphini kapena kufinya chilondacho kumangotsegulira tizilombo khomo. Ndipo ife oyendera odwala tisambe m'manja ndi sopo tisanawakhudze. Amene ali ndi chimfine ayambe wachira.