Warm Heart of Africa: chimbale chomwe chidalowetsa Chichewa m'bwalo la rock

Warm Heart of Africa ndi chimbale cha nyimbo 13 chomwe gulu la The Very Best lidatulutsa mu 2009. Mwini mawu m'chimbalechi ndi Esau Mwamwaya, Mmalawi yemwe adakhalako ku London, pomwe zing'wenyeng'wenye adakonza ndi akatswiri awiri ojambula nyimbo, Johan Karlberg wa ku Sweden ndi Etienne Tron wa ku France, omwe ankadziwika ndi dzina loti Radioclit. Nyimbo zambiri zili m'Chichewa, komabe chimbalechi chidatchuka kwambiri pakati pa okonda nyimbo za chamba cha alternative rock ku Ulaya ndi ku America, anthu omwe samva ngakhale liwu limodzi la chiyankhulochi.

Dzina la chimbalechi ndi mawu aja omwe dziko lino limagwiritsa ntchito pokopa alendo, osonyeza kuti Malawi ndi dziko la anthu ansangala. Ku America chidatuluka kudzera ku kampani ya Green Owl, ndipo ku Britain kudzera ku Moshi Moshi. Onsewa adali makampani ang'onoang'ono oima paokha, omwe ankakonda kutola oimba osatsata njira yodzera aliyense.

Zidayamba ndi njinga

Mwamwaya adabadwira ku Mzuzu koma adakulira ku Lilongwe, komwe ankaimba ng'oma m'magulu osiyanasiyana kuphatikizapo Masaka Band. Adaimbakonso limodzi ndi malemu Evison Matafale, katswiri wa reggae wa ku Chileka. Mu 1999 adapita ku London, ndipo monga zimakhalira ndi ambiri opita kunja, luso lidayamba lagona kuti pakhomo papezeke chakudya. Adatsegula sitolo yogulitsa mipando ndi katundu wina wogwiritsidwapo kale ntchito m'dera la Clapton, kum'mawa kwa mzindawo.

Situdiyo ya Radioclit idali mumsewu womwewo. Tsiku lina Tron adalowa m'sitolomo kudzagula njinga, macheza adakoma, ndipo adaitanira mwini sitoloyo kuphwando kunyumba kwake. Kumeneko ndiko Mwamwaya adakumana ndi Karlberg. Pomuitanira ku situdiyo ankayembekezera woimba ng'oma, koma adakapeza kuti chuma chenicheni cha munthuyo chili pammero. Apa ndi pomwe gulu la The Very Best lidabadwira.

Kodi alternative rock n'chiyani?

Rock ndi chamba chomwe msana wake ndi gitala yamagetsi, besi ndi ng'oma. M'zaka za m'ma 1980, magulu ena ku America ndi ku Britain, monga R.E.M. ndi The Smiths, ankaimba rock yosalabadira zofuna za makampani akuluakulu ogulitsa nyimbo. Nyimbo zawo zinkatuluka kudzera m'makampani ang'onoang'ono, ndipo ku America zinkamveka makamaka pa mawailesi a m'masukulu aukachenjede. Nyimbo zotere ndizo zidapatsidwa dzina loti alternative, kutanthauza njira ina yapadera, ndipo ena amangoti indie. Chimbale cha Nevermind chomwe gulu la Nirvana lidatulutsa mu 1991 ndicho chidafikitsa chambachi kwa anthu miyandamiyanda.

Chizolowezi chimodzi cha oimba a rock ofuna zachilendo ndi kubwereka, ndipo Africa ndi nkhokwe yomwe akhala akutapamo. Mu 1980 gulu la Talking Heads lidatulutsa Remain in Light potengera kaimbidwe ka Fela Kuti wa ku Nigeria. Mu 1986 Paul Simon adatulutsa Graceland mothandizana ndi oimba a ku South Africa monga Ladysmith Black Mambazo. Mu 2008 anyamata a gulu la Vampire Weekend a ku New York adabwera ndi chimbale chawo choyamba, momwe muli nyimbo yotchedwa Cape Cod Kwassa Kwassa, dzina lomwe aliyense amene adavinako nyimbo za Kanda Bongo Man alizindikira msanga. M'zimbale zonsezi wotsogolera adali woimba wa ku America, ndipo zochokera ku Africa zinkakhala ngati nsinjiro zokometsera ndiwo.

Wobwerekedwa naye adabwereka

The Very Best idatembenuza mchitidwewu. Mu 2008 atatuwa adaika pa intaneti nyimbo zomwe aliyense ankatha kutenga kwaulere, pansi pa mutu woti Esau Mwamwaya and Radioclit are The Very Best. Njira yawo idali yotenga zing'wenyeng'wenye za nyimbo yodziwika kale, kuchotsamo mawu a mwini wake, Mwamwaya n'kuikamo mawu ndi maimbidwe akeake.

Motero nyimbo ya Paper Planes ya M.I.A. idasanduka Tengazako, pomwe Heart It Races ya gulu la Architecture in Helsinki la ku Australia idasanduka Kamphopo. Nayo Cape Cod Kwassa Kwassa idaimbidwanso ndi mawu a Mwamwaya. Ulendo wa Tengazako ndi wochititsa chidwi: Paper Planes idamangidwa pa kachidutswa ka nyimbo ya Straight to Hell yomwe gulu la rock la The Clash lidatulutsa mu 1982. Kachidutswa komweko kadachoka m'manja mwa oimba a ku Britain, kudzera mwa M.I.A. yemwe makolo ake ndi a ku Sri Lanka, n'kudzathera m'Chichewa.

Mphatso yaulereyi ndiyo idalambula njira. Pomwe Warm Heart of Africa chinkatuluka chaka chotsatiracho, anthu adali akudikira kale, ndipo ulendo uno pafupifupi nyimbo zonse zidali zatsopano, zopeka gululo.

Zomwe khutu limamva

Wofuna phokoso la magitala olira mokalipa ngati a Nirvana sadzalipeza m'chimbalechi. Ubale wake ndi alternative rock uli pa anthu omwe adaimba nawo, makampani omwe adachitulutsa, omvera omwe adachilandira, komanso mtima wosafuna kumangika ku chamba chimodzi. Ng'oma zambiri ndi zokonzedwa pa kompyuta, ndipo kiyibodi ndiyo ikulamulira.

Mzati waukulu ndi mawu a Mwamwaya. Amajambulidwa kangapo n'kusanjikizidwa, mwakuti munthu mmodzi amamveka ngati kwaya yathunthu: iye yemweyo aponya mawu, iye yemweyonso n'kudzithirira mang'ombe. Kaimbidwe kotsogolera ndi kuvomera kotere si kachilendo kwa Mmalawi. Ndi komwe kali m'nyimbo za pamtondo, m'makwaya a m'matchalitchi, ngakhalenso m'ngoma ya Angoni a kwa Gomani ku Ntcheu, momwe mmodzi amayambitsa nyimbo gulu lonse n'kulandira. Kusiyana kwake n'kwakuti pano bwalo lonse lalowa pammero pa munthu mmodzi, ndipo m'malo mwa mapazi oponda pansi pali makina.

Nyimbo iliyonse ili ndi komwe idatapa. Chalo idakhazikika pa kiyibodi yowala ngati ya nyimbo za pop za m'ma 1980. Yomwe idapereka dzina ku chimbalechi, Warm Heart of Africa, idamangidwa pa kachidutswa ka Guitar Boy, nyimbo ya Victor Uwaifo, namatetule wa chamba cha highlife wa ku Nigeria, ndipo Mwamwaya akusinthana mawu ndi Ezra Koenig, woimba wamkulu wa Vampire Weekend. Julia ndi yodekha, yoyenda ndi mayendedwe a hip hop. Mu Rain Dance ng'oma ndizo zili patsogolo, ndipo mlendo wake ndi M.I.A. Kamphopo, yomwe idachokera m'nyimbo zaulere zija, ili ndi kulira kwa ng'oma zachitsulo zokumbutsa nyimbo za ku zilumba za Caribbean. Chimbalechi chikutsekedwa ndi Zam'dziko, momwe zida zachepa, mawu osanjikizana aja n'kutsala poyera.

Chikoka chake chagona pati?

Choyamba ndi chisangalalo. Nyimbo zambiri za alternative rock zimadziwika ndi madandaulo ndi kusungulumwa, koma chimbalechi chidabwera ndi nyimbo zowala, zovinika, zomwe munthu amatha kuthirira mang'ombe atangozimva kawiri. Tsamba la pa intaneti la Pitchfork, lomwe okonda chambachi amalidalira pounika zimbale, lidachiika m'gulu la zimbale zatsopano zopambana.

Chachiwiri ndi chiyankhulo chenichenicho. Mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, motero woimba amatha kuwakoka kutalika momwe akufunira popanda kuwadula. Kwa womvera wa ku London kapena ku New York, mawuwo amamveka ngati chida china choimbira. Mmalawi ndiye amadya pawiri: amamva kukoma kwa mawu pamodzi ndi tanthauzo lake.

Chachitatu ndi kaimidwe ka Mwamwaya m'chimbalechi. Iye si mlendo woitanidwa kudzakometsera nyimbo ya wina. Pakhomo ndi pake, ndipo Koenig ndi M.I.A., omwe panthawiyo adali otchuka kwambiri kuposa iye, ndiwo akudzaodira. Amaimba gawo lawo m'Chingerezi, kenaka nyimbo n'kubwerera kwa mwini wake.

Funso lomwe limabuka n'lakuti kodi chimbale chojambulidwa ku London, zida zake zokonzedwa ndi anthu a ku Ulaya, chingatchedwe cha Chimalawi? Funsoli n'lomveka, makamaka poona kuti gululi lidamveka kwambiri kunja kusiyana ndi kuno kumudzi, komwe panthawiyo reggae ndi nyimbo zauzimu ndizo zinkalamulira pa mawailesi ndi m'minibasi. Yankho lina lidadza ndi zimbale zotsatira.

Zomwe zidatsatira

Tron atasiya gululi, Mwamwaya ndi Karlberg, yemwe amadziwikanso kuti Johan Hugo, adapitiriza awiriwiri, koma tsopano situdiyo ndiyo idatsatira woimba kwawo. Chimbale cha MTMTMK cha mu 2012 adachijambulira ku Lilongwe, ndipo mwa alendo ake mudali K'naan, Baaba Maal wa ku Senegal komanso Amadou ndi Mariam a ku Mali. Makes a King cha mu 2015 adachijambulira m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ndipo Chris Baio, woimba besi wa Vampire Weekend, adaimba nawo.

Mu 2016 gulu la Mumford & Sons la ku Britain lidatulutsa kachimbale kotchedwa Johannesburg mogwirizana ndi The Very Best, Baaba Maal ndi gulu la Beatenberg la ku Cape Town. Mwa nyimbo zake zisanu muli Wona ndi Ngamila, maina omwe Mmalawi safuna womutanthauzira.

Malo ake m'mbiri ya nyimbo za kuno

Kusakaniza maimbidwe sikudayambe ndi The Very Best. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka adatenga kwela yochokera kummwera kwa Africa n'kuisandutsa yawoyawo. Malemu Wambali Mkandawire adayambira m'gulu la rock la Sounds Pentagon asadafike pa chimbale chake cha Zani Muwone cha mu 2002. Ku Zambia, m'zaka za m'ma 1970, Paul Ngozi ankaliza gitala ya rock uku akuimba nyimbo zina m'Chinyanja, m'chamba chomwe chimatchedwa Zamrock. Chatsopano chomwe Warm Heart of Africa chidabweretsa ndi msika: chidaika Chichewa pamndandanda umodzi ndi magulu a rock omwe achinyamata a ku Ulaya ndi ku America ankamvera panthawiyo.

M'zaka zotsatira, oimba enanso a m'dziko muno adamveka kutali osasiya chiyankhulo chawo. Chimbale cha akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba, I Have No Everything Here, chidapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, ndipo gulu la Madalitso Band layendera maiko ambiri a ku Ulaya ndi babatoni wake wa chingwe chimodzi. Kwa woimba wachinyamata yemwe akuganiza kuti khomo la kunja limatseguka pokhapokha ataimba m'Chingerezi kapena kutengera kayankhulidwe ka ku Lagos, nyimbo 13 za Mwamwaya ndi umboni woyenera kuumvera asadalowe mu situdiyo.